Galimoto yaing'ono ikayamba kudwaladwala

Galimoto inafika pakhomo pathu tili ku sekondale, ndipo tsikulo tikulikumbukirabe. Bambo anali atasunga ndalama kwa zaka zingapo, kenako anaitanitsa galimoto yaing'ono ya mipando isanu kuchokera ku Japan kudzera pa intaneti. Inatsika pa doko la Dar es Salaam, ndipo dalaivala wa ganyu anaiyendetsa mpaka kulowa nayo m'dziko muno pa Songwe. Inali yowala ngati yatsopano, mkati mukununkhira bwino, wailesi ikulankhula Chijapani chimene palibe ankachimva. Oyandikana nafe anabwera kudzaiona, ena mpaka kuisisita. Mayi analamula tsiku lomwelo kuti wina asayerekeze kudyeramo nzimbe.

Chaka choyamba inatitumikira mosanyinyirika. Chaka chachiwiri tikuchokera kumudzi ku Ntcheu, tili anthu asanu, kumbuyo kuli matumba atatu a chimanga ndi katundu wina, kanyali kofiira kanayaka kutsogolo kwa chiwongolero pamene timakwera zitunda zolowera ku Dedza. Mchemwali wathu wamkulu anakaona msanga. "Bambo, taonani, kayaka kofiira." Bambo anayankha kuti, "Tifike kaye pa boma, tikaione bwino." Pa bomapo sitinafike. Patangopita makilomita ochepa nthunzi inatuluka pansi pa boneti, injini inazima, ndipo ndalama imene inakonza galimotoyo inali yomwe anaisungira fizi ya teremu yotsatira. Mtundu wa galimotoyo tiusiye, chifukwa zimene zinatichitikirazo zikanachitika pa ina iliyonse ya msinkhu wake.

Madzulo a tsikulo tonse tinagwirizana chimodzi: magalimoto a masiku ano ndi mapepala. Mawu amenewa timawamva paliponse pamene pafera galimoto. Titafunsafunsa kwa amakaniko ndi kuwerenga timabuku ta magalimotowa, tinapeza kuti mlanduwo tinaugamula mofulumira. Magalimoto aang'onowa ndi olimba ndithu, koma anawapangira moyo wina, ndipo akafika kuno timawapatsa ntchito ina popanda kusintha kasamalidwe kake. Matenda awo ambiri amabadwira pamenepo.

Moyo umene inasiya ku Japan

Tikaima pa msewu wa M1 kwa mphindi khumi zokha tiona Toyota Vitz, Toyota Passo, Honda Fit, Mazda Demio, Nissan Note, komanso Toyota Sienta imene yasanduka basi ya anthu ambiri. Pafupifupi onsewa anabwera atagwirapo kale ntchito ku Japan. Chifukwa chimodzi n'chakuti kumeneko amayenda kumanzere kwa msewu ngati ife, choncho chiwongolero chili kumanja kale. Chifukwa china ndi lamulo lawo loyeza magalimoto, lotchedwa shaken. Galimoto yatsopano ya banja imakayezedwa ikatha zaka zitatu, kenako pakatha zaka ziwiri zilizonse, ndipo nthawi iliyonse mwini wake amalipira msonkho, inshuwalansi ndi zokonzetsa. Ambiri amaona kuti bola kuigulitsa n'kugula ina. Yogulitsidwayo imapita kumsika wa okushoni, n'kukwezedwa m'sitima, n'kudzapezeka pa Dar es Salaam, pa Beira kapena pa Durban.

Galimoto imeneyo inazolowera misewu yosalala, fumbi lochepa, petulo woyera ndi oyilo wolembedwa m'buku lake. Inkanyamula mayi ndi mwana popita kusitolo. Ku Japan akamalemba kulemera kwa galimoto pa zikalata zake amawerengera makilogalamu 55 pa munthu aliyense, kutanthauza kuti ya mipando isanu amaiwerengera makilogalamu 275. Ife tsiku la ku Dedza lija tinali akuluakulu asanu, kuphatikizapo makilogalamu 150 a chimanga, zikwama, dengu la mbatata ndi nkhuku ziwiri. Injini yake inali ya 1300cc. Tikaganiza bwino, chodabwitsa n'chakuti inakwanitsa kufika pamene inafikapo.

Palinso zina zimene imabwera nazo zosaoneka pa chithunzi cha pa intaneti. Galimoto yochokera kumpoto kwa Japan, monga ku Hokkaido, imayenda m'misewu yothiridwa mchere nthawi yachisanu, ndipo pansi pake pakhoza kukhala dzimbiri ngakhale pamwamba pakuwala. Ina imabwera ndi matayala a m'chipale chofewa, amene labala wake ndi wofewa kwambiri. Pa phula lathu lotentha amatha msanga ndipo sagwira bwino pomanga buleki. Zaka za tayala zimalembedwa m'mbali mwake ndi manambala anayi: 2318 ndiye kuti linapangidwa sabata ya 23 m'chaka cha 2018. Pepala la ku okushoni nalo limanena zambiri. Chilembo R chimasonyeza kuti galimotoyo inachitapo ngozi n'kukonzedwa. Ambiri a ife timagula osaliona n'komwe pepalalo.

Kutentha ndiko kumapha injini

Pa mphamvu yonse imene ili mu petulo, gawo limodzi lokha mwa magawo atatu, mwinanso osakwana, ndi limene limayendetsa matayala. Yotsalayo imasanduka kutentha. Kwina kumatuluka ndi utsi, kwina kuyenera kuchotsedwa ndi madzi ozungulira m'kati mwa injini. Madziwo amakankhidwa ndi pampu, amatenga kutentha, amapita ku rediyeta kumene mphepo imawaziziritsa, n'kubwereranso. Galimoto ikaima kapena ikamakwera phiri pang'onopang'ono mphepo imachepa, ndiye fani yamagetsi imayamba kuzungulira. Pakati pa njirayi pali kachipangizo kotchedwa thermostat, kamene kamatseka njira injini ikadali yozizira n'kutsegula madzi akatentha kufika pa madigiri 80 ndi kanthu.

Madzi wamba amawira pa madigiri 100 pamalo otsika ngati m'mbali mwa nyanja yamchere. Tikakwera kumtunda amawira msanga. Pamalo okwera ngati Dedza amawira pafupifupi pa madigiri 95. Injini ikamagwira ntchito bwino madzi ake amakhala kale cha pa madigiri 90, choncho mpata ndi wochepa. Zinthu ziwiri zimakulitsa mpatawo. Choyamba ndi chivundikiro cha rediyeta, chimene sichivundikira chabe koma chimapanikiza madziwo kuti asawire msanga, monga momwe poto wotsekedwa mwamphamvu amachitira. Chachiwiri ndi mankhwala obiriwira, ofiira kapena apinki otchedwa coolant, amene amasakanizidwa ndi madzi. Ziwirizi zikakhala bwino madzi sawira mpaka kupitirira madigiri 120. Koma ntchito yaikulu ya coolant kuno kwathu, kumene madzi saundana, ndi kuteteza dzimbiri.

Apa ndi pamene ife tinalakwira. Kapaipi kena ka labala kanali kakudontha pang'ono kwa miyezi. M'malo mokasintha, m'mawa uliwonse mmodzi wa ife ankathiramo madzi a pa mjigo, ndipo tinkadzitama kuti tikusamala galimoto. Tsiku ndi tsiku coolant ankasungunuka mpaka kutsala madzi okhaokha. Madzi a pa mjigo ali ndi mchere wa m'nthaka, womwe uja umayeretsa pansi pa ketulo. Mcherewo pamodzi ndi dzimbiri unatseka timipata ta rediyeta, timene ndi topyapyala kwambiri. M'tauni, popanda katundu, rediyeta yotsekeka theka inkakwanitsabe. Pa chitunda, itasenza chimanga, inalephera.

Mutu wa injini za magalimotowa ndi wa aluminiyamu. Chitsulo chimenechi n'chopepuka ndipo chimataya kutentha msanga, koma chikapsa kwambiri chimapindika. Pakati pa mutuwo ndi thunthu la injini pali gasiketi yolekanitsa moto, madzi ndi oyilo. Mutu ukapindika gasiketi imaphulika, zitatuzo n'kuyamba kusakanikirana. Zizindikiro zake ndi utsi woyera wosatha kumbuyo, oyilo wooneka ngati tiyi wamkaka, ndi thovu lotuluka mu rediyeta injini ikulira. Kukonza kwake n'kumasula mutu wonse, kupita nawo kwa odziwa kuupala kuti uwongoke, ndi kugula gasiketi yatsopano. Kapaipi kodontha kaja mtengo wake sukanafika ngakhale pa mtengo wa thumba limodzi la chimanga chimene tinanyamula.

Magalimoto ambiri aang'onowa alibe kamuvi kosonyeza kutentha monga ankakhalira akale. Ali ndi nyali ziwiri zokha. Yabuluu kapena yobiriwira imayaka m'mawa kusonyeza kuti injini ikadali yozizira, ndipo imeneyo si yodetsa nkhawa. Yofiira ikayaka ndiye kuti zinthu zafika kale poipa, ndipo chotsala ndi kupatuka, kuima ndi kuzimitsa injini pomwepo. Chivundikiro cha rediyeta sitichitsegula injini ili yotentha, chifukwa madzi opanikizika aja amathovoka n'kuwotcha nkhope ndi manja. Timadikira theka la ola kapena kupitirira. Kuthira madzi ozizira pa injini yotentha nakonso kungathe kung'alula chitsulo.

Pali chizolowezi china chimene chafala m'magalaja athu. Galimoto ikangotentha, amakaniko ena amachotsa thermostat n'kuitaya, amati kuno n'kotentha kale, chimenechi n'cha kwa azungu. Ife sitigwirizana nazo. Thermostat yowonongeka imafunika kusintha, osati kutaya. Popanda iyo injini imachedwa kufunda, kompyuta ya galimoto imaganiza kuti kukadali m'mawa n'kumathira petulo wambiri, ndipo zitsulo zimadyana msanga. Choipa kwambiri n'chakuti vuto lenileni, kaya ndi rediyeta yotsekeka kapena fani yakufa, limangobisala kudikira chitunda china.

Giyabokosi yopanda magiya

Magalimoto ambiri aang'ono ochokera ku Japan amasintha okha magiya, ndipo tonse timangoti ndi otomatiki. Koma otomatiki ili mitundu iwiri yosiyana kwambiri, ndipo kusadziwa zimenezi kwatayitsa mabanja ambiri ndalama. Mtundu wakale uli ndi magiya enieni, anayi kapena asanu, ndipo munthu amamva ikamasintha. Mtundu winawo umatchedwa CVT, ndipo mulibe magiya otero. Lingaliro lake si latsopano: kampani ya DAF ya ku Netherlands inaonetsa galimoto yaing'ono yoyenda ndi malamba m'malo mwa magiya m'chaka cha 1958. Makampani a ku Japan anaikonda njirayi chifukwa imapulumutsa mafuta.

Kuti timvetse, tiganizire njinga yakapalasa ya magiya. Tcheni chikakhala pa gudumu lalikulu la kumbuyo, kukwera phiri kumaphweka koma liwiro limachepa. Chikadumphira pa laling'ono, liwiro limakwera. CVT imachita zomwezo popanda kudumpha. Ili ndi magudumu awiri, lililonse lopangidwa ndi mbale ziwiri zosongoka zoyang'anizana, ndipo pakati pake pamadutsa lamba wachitsulo. Mbalezo zikayandikana lamba amakwera m'mwamba, gudumu limakhala ngati lakula. Zikatalikirana lamba amatsikira m'kati, gudumu limakhala ngati lachepa. Lina likamakula linzake limachepa, mosalekeza. N'chifukwa chake galimoto yotere ikamathamanga injini imalira pa mlingo umodzi liwiro likukwera. Amenewo si matenda, ndi mmene inapangidwira.

Mphamvu yonse ya injini imadutsa pamene lamba wachitsulo wakhudzana ndi mbale zachitsulo. Palibe mano ogwirana, n'kufinyana kokha. Choncho oyilo wa m'menemo ali ndi ntchito yovuta: aziziritse, afewetse, komabe alole chitsulo kugwira chinzake osaterereka. Oyilo wa otomatiki wamba, amene pa botolo pamalembedwa ATF, sanapangidwire ntchito imeneyo. Akathiridwa mu CVT lamba amayamba kuterereka, amapala mbale zija, tizitsulo topalika timazungulira ndi oyilo n'kuwononga zotsala. Kampani iliyonse ili ndi wake. Toyota ili ndi TC ndi FE, Nissan ili ndi NS-2 ndi NS-3, Honda ili ndi HMMF ndi HCF-2, malinga ndi chaka cha galimoto. Amakaniko akanena kuti oyilo wofiira ndi mmodzimodzi, ndi bwino kuwathokoza n'kupita kwina.

Ena amati oyilo ameneyu sasinthidwa mpaka galimoto kufa. Mwina kwa mwini wake woyamba, amene anaigulitsa isanakalambe, zinali zoona. Kwa ife amene timailandira itayenda kale, n'kumaiyendetsa m'kutentha kwa ku Chikwawa itadzaza, amakaniko odziwa amalangiza kusintha pakati pa makilomita 40,000 ndi 60,000. CVT ikayamba kudwala imanjenjemera ponyamuka, imalira ngati mluzu, kapena injini imakuwa koma galimoto osawonjeza liwiro. Apo pamakhala pakadali chiyembekezo. Ikasiyiratu kuyenda, ambiri amangogula giyabokosi ina yakale, chifukwa oitsegula n'kuikonza ndi ochepa.

Zimene CVT imadana nazo ndi zomwe timachita kawirikawiri nthawi ya dzinja. Galimoto ikatitimira m'matope timaponda moto mpaka matayala kufuka utsi, kenako timakankhira ku R, ku D, ku R, isanaime n'komwe. Lamba amavutika kwambiri pamenepo. Bola kutsika, kufukula, kuika miyala ndi nthambi, n'kupempha anyamata a m'mudzi kuti akankhe. Siyenera kukoka galimoto inzake, ndipo iyo ikafa siyenera kukokedwa ndi chingwe mtunda wautali matayala oyendetsa ali pansi, chifukwa injini ikazima pampu ya oyilo nayo imaima. Kuiliza mokankha, monga timachitira ndi lole yakale, sikutheka. Potsika phiri lalitali ngati la Khwekhwerere popita ku Golomoti, madalaivala ena amaika pa N poganiza kuti akupulumutsa petulo. Sapulumutsa kanthu, chifukwa injini za masiku ano zimadula zokha petulo munthu akachotsa phazi potsetsereka galimoto ili m'giya. Chimene amachita n'kusiyira mabuleki katundu yense, ndipo mabuleki akatentha amasiya kugwira. Zilembo B, S kapena L pa ndodo ya giya anaziikira malo ngati amenewo.

Oyilo wa injini naye ali ndi nkhani yake. Amene amapezeka paliponse ndi 20W-50, wokhuthala, woyenera injini zakale zimene zitsulo zake zili ndi mipata ikuluikulu. Injini zing'onozing'ono za masiku ano zambiri zimafuna wopyapyala, monga 0W-20 kapena 5W-30. Nambala yoyamba imanena mmene oyilo amayendera ali wozizira, yachiwiri ali wotentha, ndipo nambala ikachepa ndiye kuti oyilo ndi wopyapyala. M'injinizi muli timipata ting'onoting'ono timene oyilo amadutsamo kuti akasunthe zipangizo zotsegula ndi kutseka mavavu. Oyilo wokhuthala amachedwa kufika, makamaka m'mawa, ndipo oyilo wokalamba amasanduka phala lakuda n'kutseka timipatato. Timabuku ta magalimoto timasiyanitsa kayendedwe wamba ndi kayendedwe kovuta, ndipo misewu ya fumbi, maulendo afupiafupi ndi katundu wolemera zili m'gulu lovutalo. Kwathu kuno ndiye kayendedwe ka tsiku ndi tsiku. N'chifukwa chake kusintha oyilo pa makilomita 5,000 alionse si kuwononga ndalama. Sefa ya mpweya nayo imadzaza msanga m'miyezi ya fumbi, kuyambira Ogasiti mpaka mvula itagwa.

Mafuta akasowa m'dziko, galimoto imavutika kawiri. Pampu ya petulo imakhala m'kati mwa thanki ndipo imaziziritsidwa ndi petulo yemweyo. Tikamayenda masiku ambiri kanyali ka mafuta kali koyaka, pampu imatentha ndipo imayamwa zinyalala za pansi pa thanki. Kenako timagula petulo wa m'zigubu m'mbali mwa msewu, amene sitidziwa kuti chigubucho munali chiyani, kapena ngati sanasakanize ndi parafini. Sitikuweruza munthu amene ali ndi wodwala wofunika kupita naye kuchipatala usiku. Tikungonena kuti galimoto ikayamba kutsamwa patatha sabata, tisaiwale kuuza amakaniko za chigubu chija.

Za kunsi kwa galimoto sitichulukitsa mawu, chifukwa aliyense amazimva ndi makutu. Magalimotowa ndi afupi, mimba yake imatalikirana ndi nthaka masentimita 15 okha kapena kuchepera, ndipo katundu akachuluka imatsikanso. Maenje amadya mashoko ndi mabushi. Chimodzi chokha chofunika kuchiyang'ana ndi timatumba ta labala tokutira mfundo za zitsulo zozunguza matayala akutsogolo. Kathumba kakang'ambika girisi amatuluka, mchenga umalowa, ndipo posakhalitsa pokhota pamamveka kuti kha-kha-kha. Kusintha kathumba n'kotchipa kuposa kusintha chitsulo chonse.

Nthawi zina cholakwa chimakhaladi cha ku fakitale

Tisapitirire malire n'kunena kuti vuto lililonse ndi la mwini galimoto. Makampani nawo amalakwitsa, ndipo zina zinalembedwa poyera. M'chaka cha 2009, madandaulo atachuluka, kampani ya Nissan ku America inawonjezera chitsimikizo cha ma CVT a magalimoto ake a zaka za 2003 mpaka 2010 kuchoka pa zaka zisanu kufika pa zaka khumi. Nkhani yaikulu kuposa imeneyo ndi ya kampani ya Takata, imene inkapanga ma airbag, matumba a mpweya aja amene amafufuma pangozi kuti munthu asamenyetse mutu. Mankhwala ofufumitsa matumbawo, ammonium nitrate, ankawonongeka akakhala zaka zambiri m'malo otentha ndi achinyezi, ndipo ena ankaphulika mwamphamvu n'kumwaza tizitsulo kumaso kwa dalaivala. Anthu anafa. Magalimoto mamiliyoni ambirimbiri a makampani osiyanasiyana anaitanidwa kuti akasinthidwe, kuphatikizapo ena aang'ono ngati amene tili nawo kuno, ndipo Takata inagwa mu 2017.

Nkhaniyi imatikhudza chifukwa kalata yoitana galimoto imapita kwa mwini wake wolembedwa ku Japan. Ngati galimotoyo inali itakwera kale sitima, kalatayo sinatipeze. Makampani akuluakulu a ku Japan ali ndi masamba a pa intaneti pamene munthu amalemba nambala ya chasisi n'kuona ngati galimoto yake inaitanidwapo. Masambawo ali m'Chijapani, koma foni imatha kumasulira. Ndi ntchito ya mphindi zochepa imene mwana wasukulu angawachitire makolo ake.

Kulankhula ndi amakaniko

Nyali za kutsogolo kwa chiwongolero zimatsata mitundu ya maloboti a pamsewu. Yofiira imati ima: kutentha, oyilo, mabuleki, kapena batire losalandira moto. Yachikasu imati pita ukaonetse posachedwa. Yodziwika kwambiri ndi yachikasu yooneka ngati injini, imene ena amaimata ndi tepi kuti isawasowetse mtendere. Nyali imeneyo ikayaka ndiye kuti kompyuta yasunga nambala ya vuto. Pansi pa chiwongolero pali kabowo ka mano 16 pamene amalumikizapo makina owerengera nambalayo. P0301, mwachitsanzo, imatanthauza kuti silinda yoyamba ikuphonya moto, ndipo P0171 imatanthauza kuti mpweya wachuluka kuposa petulo. Koma nambala imangoloza dera, sitchula chipangizo chakufa. Silinda ingaphonye chifukwa cha pulagi, koyilo kapena kopopera petulo. Makaniko wabwino amasinthanitsa koyilo ya silinda yoyamba ndi yachiwiri n'kuona ngati vuto lasamuka. Wina amangotiuza kuti tigule makoyilo anayi.

Ife taphunzira kufotokoza zimene taona m'malo motchula matenda. Tikafika n'kunena kuti giyabokosi yafa, tawapatsa kale chogulitsa. Tikanena kuti imanjenjemera ponyamuka m'mawa, ikafunda imasiya, ndipo zayamba sabata ziwiri zapitazo, tawapatsa poyambira kufufuza. Timafunsa mtengo ntchito isanayambe, ndipo timapempha kuti chochotsedwacho atibwezere. Amakaniko amene amatithandiza tsopano, bambo achikulire odekha, anaseka tsiku loyamba mng'ono wathu atawafunsa kuti aone pulagi yakale. Anati, "Iwe mwana, ukufuna undilande ntchito?" Kenako anamuonetsa kusiyana kwa pulagi yakuda ndi mwaye ndi ina yofiirira bwino. Safunsa anadya phula.

Masipeya ndi mutu wina wopweteka. Pafupifupi onse amachokera kunja, choncho kwacha itatsika mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 mitengo yake inakwera nthawi yomweyo. Mitengo ikakwera zachinyengo zimachuluka: mapulagi ndi masefa okhala m'bokosi lolembedwa dzina la kampani yodziwika koma m'kati muli zina. Sefa ya oyilo yachinyengo imaoneka chimodzimodzi kunja, kusiyana kwake kuli pa pepala la m'kati limene sitiliona. Mtengo ukatsika modabwitsa, pali chifukwa. Pa zinthu zina, monga galasi, chitseko kapena nyali, chakale chochotsedwa pa galimoto ina chimagwira bwino ntchito. Pa mabuleki, matayala ndi oyilo ife sitinyengerera. Apa ndi pamenenso galimoto yofala imapambana yachilendo. Yokongola imene m'boma lonse ilimo imodzi yokha ikhoza kukhala miyezi itatu pamiyala kudikira kachipangizo kochokera ku Dubai kapena ku Johannesburg.

Ambiri a ife tikadzayamba kulandira malipiro tidzafuna galimoto, ndipo tidzawerengera mtengo wogulira, wa sitima ndi msonkho wa MRA. Zimene zimaiwalika ndi inshuwalansi, chiphaso cha COF, matayala, ndi ndalama yosinthira oyilo wa injini, wa giyabokosi, coolant ndi masefa galimoto ikangofika, popeza sitidziwa kuti mwini wake wakale anasintha liti. Ngakhale makilomita olembedwa kutsogolo sitingawakhulupirire kotheratu, chifukwa pali ena amene amawabweza.

Galimoto yathu ija ikadalipo. Penti yapserera padenga, ndipo chitseko chakumbuyo chimatseguka ndi kunja kokha. M'kabokosi ka kutsogolo muli kope la masamu limene mayi analigawa mizere inayi: tsiku, makilomita, chimene chasinthidwa, ndi mtengo. Lamlungu lililonse m'mawa, injini isanalizidwe, amene ali pakhomo amatsegula boneti, amasolola kandodo ka oyilo, amayang'ana mlingo wa coolant m'kabotolo kake, n'kusuzumira pansi ngati pali dontho. Mwezi wathawu mng'ono wathu anapeza kadontho kobiriwira pansi pa rediyeta, ndipo tsiku lotsatira kapaipi kanasinthidwa. Chimanga cha chaka chino chinabwera pa lole ya a malume, ife tinatsatira pambuyo ndi nkhuku zokha.